Dokotala wopanda jakisoni: kodi mwana wa ulumali amupindulira chiyani?

Kuno kwathu mau oti dokotala akamveka, maganizo amathamangira ku jakisoni, mapilitsi ndi chovala choyera. Sitingadabwe. Dokotala woyamba amene a Malawi ambiri anamudziwa ndi Kamuzu Banda, ndipo iyeyu analidi dokotala wa kuchipatala. Kenaka kunadza madokotala aulemu, aja amangovekedwa mkanjo ndi chisoti tsiku limodzi basi, m'mawa mwake pa wailesi ayamba kale kutchulidwa kuti a Dokotala Uje.

Koma ulipo udokotala wina umene sukambidwa m'misika, m'maminibasi ngakhale pa bawo. Uwu ndi wa m'mabuku, umene ku sukulu za ukachenjede amautcha PhD. Nkhani yathu lero ili pa nthambi imodzi yokha ya udokotala umenewu, ya maphunziro a ana a ulumali. Munthu wake sabaya jakisoni. Ntchito yake ndi kufufuza njira zophunzitsira mwana wosaona, wosamva, wovutika kuyenda kapena wochedwa kugwira zinthu m'mutu, kenaka n'kutsogolera aphunzitsi ndi boma kuti njirazo zifike m'kalasi.

Wina pa benchi ya tomato anena kuti, nanga za anthu ophunzirazo zikutikhudza chiyani ife? Zikukukhudzani ndithu mai. Ngati muli ndi mwana wotere pakhomo, kapena mbale wanu ali naye, chimene chimachititsa kuti mwanayo alandiridwe pa sukulu kapena abwezedwe pa geti chimayambira m'maofesi mmene mumayenera kukhala anthu a maphunziro amenewa.

Si nkhani ya anthu ochepa

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, anthu 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Kuwonkhetsa onse ndi anthu oposa 1.5 miliyoni. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino 134,636. Tsono palibe msika m'dziko muno, kaya ndi wa Limbe, Ndirande, Lizulu, Tsoka kapena Mzuzu, umene ulibe kholo la mwana wa ulumali.

Ndipo akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mwana amabadwa bwinobwino, malungo a mu ubongo n'kumugwira, n'kuchira koma makutu osamvanso. Wina wagwa pa kabaza, msana n'kuthyoka. Palibe amene anapangana ndi Mulungu kuti pakhomo pake sizidzafika.

Amene amasenza katunduyu kawirikawiri ndi mai, ndipo akakhala wa geni zinthu zimavuta pawiri. Akapita kopikula m'bandakucha mwana amusiyira ndani? Ena amamutsekera m'nyumba. Ena amabwera naye kumsika n'kumugoneka pansi pa benchi tsiku lonse, anzake ali m'kalasi. Ena amalemba mtsikana womulera, kaphindu konse n'kuthera pomwepo. Akayesa kupita naye kusukulu yapafupi, yankho lake amalidziwa kale: pano tilibe mphunzitsi wa ana otere.

Kumene tachokera

Sukulu za ana a ulumali m'dziko muno sizinayambe ndi boma. Anayamba ndi amishonale cha m'ma 1950, pamene anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC, ochokera ku Holland, anayamba ntchito ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ndi kumene kuli koleji yosula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Sukulu za ana osamva zilipo monga Maryview ku Nguludi komweko, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba.

Chaka cha 1994 chinabweretsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kuno, boma la Bakili Muluzi litangolowa linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji. Chaka chomwecho mu June, ku Salamanca m'dziko la Spain, maboma 92 anagwirizana kuti mwana wa ulumali aziphunzira pa sukulu ya kwao pamodzi ndi anzake, osati kumangomutumiza kutali.

Maganizowo ndi abwino, palibe angatsutse. Koma taganizani mphunzitsi mmodzi, ana oposa 100 mu Sitandade 1, choko chimodzi, ndiye pakati pao pali mwana wosamva ndi wina wosaona pa bolodi. Amuthandiza bwanji? Funso limeneli silingayankhidwe pa msonkhano wa ndale. Likufuna munthu wokhala pansi, kuyesa njira iyi ndi iyo, kuwerenga zotsatira zake, n'kunena chimene chagwira ndi chimene chakanika. Kafukufuku ndiye ameneyo.

Akatswiri akaphonya, amalira ndi ana

Kuti timvetse kulemera kwa ntchitoyi, tione zimene zinachitikira anthu osamva kunja.

M'chaka cha 1880 akatswiri a maphunziro a ana osamva anakumana mu mzinda wa Milan ku Italy. Pafupifupi onse anali anthu akumva. Anagamula kuti kuphunzitsa ndi manja kulekeke, ana osamva aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo ya anthu. Sukulu zambiri ku Ulaya ndi ku America zinatsatira. Kwa zaka zambirimbiri ana ankalangidwa akapezeka akuyankhulana ndi manja, aphunzitsi osamva anachotsedwa ntchito, ndipo ana ambiri ankatuluka sukulu osadziwa bwino kuwerenga.

Amene anathandiza kutembenuza zinthu anali munthu wa kafukufuku. William Stokoe, mphunzitsi wa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet mu mzinda wa Washington, anakhala pansi n'kumaonetsetsa mmene ophunzira ake ankagwiritsira ntchito manja. M'chaka cha 1960 anatulutsa zimene anapeza: kuyankhula ndi manja si kungolozaloza ayi, ndi chinenero chenicheni chokhala ndi malamulo ake, monga chilili Chichewa kapena Chingerezi. Poyamba ambiri anamuseka. Koma umboni unali pamenepo, ndipo pang'ono ndi pang'ono manja anabwerera m'kalasi. Mu 2010, pa msonkhano wa mtundu womwewo ku Vancouver m'dziko la Canada, akatswiri anakana poyera chigamulo cha ku Milan chija. Panali patatha zaka 130.

Phunziro lake ndi loonekeratu. Anthu ochepa okhala pa mipando ya ukatswiri akalakwitsa, mibadwo ya ana imapita padera. Wina akafufuza bwino, mibadwo imapulumuka.

Msewu wake ndi wautali

Tsono munthu amafika bwanji pa udokotala umenewu? Kwa ambiri kuno ulendo umayamba ndi MSCE, kenaka koleji ya aphunzitsi. Akaphunzitsa zaka zingapo amatha kupita ku Montfort kukatenga ukadaulo wa ana a ulumali: zilembo za Braille zija za timadontho tisanu ndi kamodzi zimene osaona amawerenga ndi zala, chinenero cha manja, ndi njira zothandizira ana ochedwa kugwira. Pamwamba pake pali digiri yoyamba. Catholic University, imene inatsegulidwa mu 2006 ku Nguludi komweko, imaphunzitsa digiri ya maphunziro amenewa. Ikatha imeneyo pali digiri yachiwiri ya masters, ndipo PhD ndiye imabwera pomaliza. Kuwerenga zonse kuchokera pa Fomu 4, zaka khumi zimakwana n'kupitirira.

PhD payokha imatenga zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo imasiyana ndi sukulu imene tinazolowera. Kulibe mphunzitsi wolemba manotsi pa bolodi kuti mukopere. Wophunzirayo amasankha funso limodzi limene palibe analiyankhapo bwino. Amalemba ndondomeko ya mmene adzafufuzire. Amapatsidwa namkungwi, pulofesa kapena dokotala wakale pa ntchitoyo, womuwongolera. Asanakhudze mwana aliyense amayenera kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti kafukufuku asazunze anthu, ndiponso chilolezo cha makolo. Akatero amalowa m'masukulu ndi m'midzi, miyezi ndi miyezi, kufunsa, kuonerera, kuyesa ndi kuwerenga.

Pomaliza amalemba chibukhu cha zimene wapeza. Ku Britain chimatha kufika mau 80,000. Kenaka amakhala pamaso pa akatswiri, wina wochokera ku yunivesite ina, amene amamupanikiza ndi mafunso kwa maola angapo. Akakhutira ndiye amamutcha dokotala. Akapanda kukhutira amamubweza kuti akakonze, ndipo ena amagwera pomwepo. Ku America amayamba ndi zaka ziwiri kapena zitatu za m'kalasi ndi mayeso asanalowe m'kafukufuku. Kumenekonso ndi ku Britain kuli udokotala wina wotchedwa EdD, umene amaukonda anthu amene ali kale pa ntchito yoyendetsa masukulu ndipo akufuna kukonza vuto la pa ntchito pao.

Kuti munthu achite maphunziro amenewa sikuti mpaka awoloke nyanja. University of Zambia ku Lusaka ndi Kenyatta University ku Kenya zimaphunzitsa udokotala wa maphunziro a ana a ulumali. Ku University of Pretoria ku South Africa kuli likulu lofufuza njira zothandizira ana osatha kuyankhula kuti azitha kunena zakukhosi pogwiritsa ntchito zithunzi ndi makina.

Mafunso a kuno afuna anthu a kuno

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona. Akatswiri akunja atithandiza zambiri. Mwachitsanzo, a University of Birmingham anagwirizana ndi a Chancellor College ndi bungwe la Sightsavers pa kafukufuku wotchedwa Tikule Limodzi m'boma la Thyolo, woona mmene alezi a m'sukulu za mkombaphala angaphunzitsidwire kulandira ana a ulumali. Ntchito yotere ndi yofunika. Koma mlendo amabwera n'kubwerera. Wotsala ndi vutolo ndi mwini mudzi.

Mabuku ambiri a maphunziro amenewa analembedwa m'maiko mmene kalasi imakhala ndi ana 20 kapena 30, magetsi osazima, ndiponso wothandizira mphunzitsi ali pambali. Kutenga njira za kumeneko n'kuziika pa kalasi ya ku Ndirande kuli ngati kuoda majekete a chisanu n'kukawagulitsa ku Nsanje mwezi wa October. Katundu ndi wabwino, koma msika wake si umenewo.

Mafunso athu ndi ena. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira nambalayo imapyola kwambiri. Kodi pamenepo mwana wosamva bwino akhale pati, ndipo anzake angamuthandize motani? Mwana wosamva wobadwa kwa makolo akumva amafika kusukulu alibe chinenero chilichonse chokwanira, cha pakamwa ngakhale cha manja. Kodi makolo angaphunzitsidwe bwanji manja mwana adakali wamng'ono? Mwana wachialubino nthawi zambiri saona bwino patali. Kumukhazika kutsogolo, kumulembera zilembo zikuluzikulu ndi kumulola kuvala chipewa m'kalasi sizifuna ndalama zambiri, nanga bwanji masukulu ena sachita? Mayeso oyezera nzeru za mwana ambiri anapangidwa m'Chingerezi ndi zithunzi za zinthu zimene mwana wa kumudzi sanazionepo. Akalephera, kodi vuto ndi mutu wake kapena ndi mayesowo? Nanga aphunzitsi amene amatuluka ku Montfort amatumizidwa kuti, ndipo ndi angati amakhalitsa pa ntchitoyo? Nanga mtsikana wa pa njinga ya olumala akatha msinkhu, chimbudzi cha pasukulu chili ndi masitepe, amatani?

Awa si mafunso a m'mwamba. Ndi a pakhomo panu. Woti awayankhe bwino ndi munthu wodziwa chinenero cha makolowo, wodziwa kuti pakhomo pena mwana amabisidwa chifukwa choopa kunenedwa za ufiti kapena zizimba za bizinesi, ndiponso woti akamaliza kulemba adzakhala konkuno kuona ngati zasintha.

Udokotala ndi mpando

Mbali yachiwiri ya maphunzirowa ndi utsogoleri. Malamulo tili nawo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu a ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 panabwera lina latsopano m'malo mwake. Unduna wa Maphunziro unali ndi ndondomeko ya 2017 mpaka 2021 yoti ana onse aziphunzira pamodzi. Koma lamulo la papepala silimanga njira ya njinga pakhomo la kalasi, siligula makina a Braille, sililipira womasulira manja.

Zimenezi zimachitika pakakhala munthu wodziwa, wokhala pa mpando pamene ndalama zikugawidwa. Afunika ku likulu la unduna. Afunika ku Malawi Institute of Education ku Domasi kumene amakonza silabasi ndi mabuku. Afunika ku MANEB kumene amakonza mayeso a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu. Koposa zonse afunika m'makoleji a aphunzitsi ndi m'mayunivesite, chifukwa dokotala mmodzi amasula aphunzitsi mazanamazana, ndipo mphunzitsi aliyense amakumana ndi ana zikwi pa moyo wake wa ntchito. Ndiponso malamulo a mayunivesite ambiri amafuna kuti wotsogolera wophunzira wa PhD akhale ndi PhD iye mwini. Popanda madokotala athu, tidzangokhalira kutumiza ana kunja mpaka kalekale.

A ku America anaziona msanga zimenezi. Atakhazikitsa lamulo la 1975 lokakamiza masukulu a boma kulandira ana a ulumali, boma lao linakhala likuika ndalama padera zolipirira anthu ochita udokotala pa nthambi imeneyi, podziwa kuti lamulo lopanda osula aphunzitsi ndi lakufa.

Ndipo mipando imeneyi si ya anthu alungalunga okha. Koleji ya Gallaudet ija inayamba mu 1864, koma kwa zaka 124 inkatsogoleredwa ndi anthu akumva okhaokha. Mu March 1988 akuluakulu atasankhanso munthu wakumva, ophunzira anatseka mageti, n'kuguba mpaka ku nyumba ya malamulo. Patangotha sabata imodzi wosankhidwayo anali atatula pansi udindo, ndipo mpando unapita kwa I. King Jordan, munthu wosamva. Iyeyu anagontha ali ndi zaka 21 pa ngozi ya njinga yamoto. Chimene chinatseka pakamwa onse onena kuti wosamva sangatsogolere n'chakuti anali ndi PhD yake m'manja, ndiponso anali kale mkulu wa nthambi pa kolejipo. Anakhala pa mpandowo mpaka 2006.

Kuno mabungwe monga FEDOMA, MANAD ya anthu osamva, Malawi Union of the Blind ndi APAM ya anthu achialubino akhala akunena zomwezo, kuti nkhani zao zisamakambidwe eni ake ali panja. Mwana amene lero wagona pansi pa benchi ya kaunjika, atapatsidwa mpata, ndi amene angadzakhale pa mpando wotere.

Chikomekome cha mkuyu

Tisanamizane, njirayi ili ndi minga. Choyamba ndi mpamba. Malipiro a mphunzitsi sangakwanitse fizi ya PhD, makamaka kunja. Ambiri amadalira thandizo monga la Commonwealth Scholarship ku Britain kapena Fulbright ku America, ndipo opikisana amakhala ambiri, malo ochepa. Ena amaphunzira uku akugwira ntchito, usiku ndi pa holide, banja likudikira. Kwa mai wa ana ndiye mtolo umalemera kawiri.

Chachiwiri, ena akapita sabwerera. Maiko olemera nawonso akusowa akatswiri a ana a ulumali, ndipo malipiro ao sitingapikisane nawo. Wobwerera nayenso nthawi zina amapatsidwa ofesi yosagwirizana ndi zimene anaphunzira.

Chachitatu, chibukhu chija chimalembedwa m'Chingerezi chozama n'kukaikidwa pa shelefu mu laibulale. Amai amene anafunsidwa mafunso tsiku lonse, geni itaima, samva n'komwe kuti zinatha bwanji. Uku n'kudya mpamba wa eni ake. Dokotala weniweni abwerere kwa anthu aja, awauze m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao zimene anapeza.

Chachinayi ndi madigiri ogula. Alipo masukulu a m'chikwama amene amagulitsa udokotala ngati zitumbuwa. Bungwe la National Council for Higher Education ndilo limaona masukulu ovomerezeka m'dziko muno. Safunsa anadya phula: mbale wanu asanapereke ndalama kulikonse, ayambe wafunsa kumeneko.

Nanga ife a mumsika?

Sikuti aliyense achite PhD ayi. Koma gawo lathu lilipo. Mwana wa ulumali akalembetsedwe kusukulu, asabisidwe. A hedi akakana, funsani kumene kuli resource centre yapafupi, chipinda chija chokhala ndi mphunzitsi wa ana otere, ndipo nkhaniyo mukaitule ku komiti ya sukulu kapena kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu, a PEA. Mwana wosalembedwa m'kaundula sawerengedwa, ndipo wosawerengedwa sagawiridwa ndalama.

Ofufuza akabwera pa benchi panu ndi mapepala, muli ndi ufulu wofunsa kuti achokera kuti, chilolezo anatenga kwa yani, ndipo zotsatira mudzazimva liti. Muli ndi ufulu wokana. Koma akakhala oona, auzeni zoona zokhazokha, chifukwa zimene mukudziwa inu za mwana wanu palibe pulofesa akuzidziwa.

Ngati m'banja mwanu muli mphunzitsi wachinyamata amene mtima wake uli pa ana amenewa ndipo akufuna kupitiriza sukulu, musamugwetse ulesi ndi mau oti sukulu yakwana, kwatira kapena kwatiwa. Ndalama za chipereganyu ndi banki m'khonde zaphunzitsa kale manesi ndi maloya ochokera m'misika yathu yomweyi.

Ndipo a ndale akadzabwera kumsika ndi nsalu ndi malonjezo a shedi yatsopano, pakati pa mafunso a zimbudzi ndi ziphaso muwonjezerepo ili: bwana, m'dera lanu lino muli aphunzitsi angati a ana a ulumali, ndipo boma latumiza angati kukaphunzira kuti adzasule anzao? Akayamba kukanda m'mutu, muwauze kuti adzabwerenso ndi yankho voti isanafike.